Kajambulidwe ka mbiri ya agogo aakazi amene akalambira kumunda

Amayi amene agwira khasu zaka 60, kulera ana awo ndi zidzukulu zomwe, mukawauza kuti "tatiuzani mbiri yanu, agogo", amayankha mwachidule: "Mbiri ndiitenga kuti ine, mwanangu? Ndinkangolima basi." Sikuti akubisa. Ntchito imene munthu waigwira tsiku ndi tsiku saiyesanso nkhani. Ndiye chachikulu pojambula mbiri yawo ndi kafunsidwe, zipangizo n'zochepa.

Foni wamba yojambula mawu ndi yokwanira. Itchajeni idzaze, muiike pa airplane mode kuti wina akaimba asadule nkhani pakati. Mphindi imodzi ya mawu imadya pafupifupi 1 MB, kotero malo savuta. Foniyo ikhale masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pakamwa pawo, mutaigoneka pa nsalu yopindapinda. Mukaigwira m'manja mumajambula kukhudza kwa zala zanu, mukaiika pa thebulo lopanda kanthu imatola kugogoda kulikonse. Mdani wamkulu ndi mphepo: panja, ngakhale kamphepo kayaziyazi kamaphimba mawu onse. Khalani m'nyumba kapena kuseri kwa khoma, kutali ndi khola ndi wailesi. Yambani mwajambula masekondi 20 n'kumvetsera. Kenaka tchulani tsiku, dzina lawo ndi lanu, ndipo muwapemphe chilolezo foni ili mkati mojambula, muwauzenso amene adzamve mawuwo.

Musapitirire mphindi 40 kapena 45 pa ulendo umodzi. Okalamba ambiri mutu umakhala wopepuka m'mawa, dzuwa likamapendeka amatopa ndipo mayina amasokonekera. Maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, otalikirana masiku angapo, amatulutsa zambiri kuposa tsiku lathunthu, chifukwa pakati pa masikuwo iwo amagona akuganizira n'kudzuka ndi zina zomwe anaziiwala.

Mukhale awiriwiri. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, poganiza kuti banja likasonkhana nkhani ikoma. Amuna awo kapena mwana wamkulu akakhalapo amayamba kuwayankhira ndi kuwakonza, ndipo mayi amene moyo wake wonse wazolowera kusiyira ena mawu amangoti "eya, ndi momwemo". Za gulu mudzajambule padera tsiku lina.

Mafunso akhale a ntchito za manja awo, osati a zaka. Afunseni za tsiku limodzi la nyengo yolima pamene mwana woyamba anali kumsana: ankadzuka nthawi yanji, choyamba kugwira chinali chiyani, madzi ankatunga mtunda wotani, mwanayo ankamugoneka pati akamapalira. Afunseni amene anawaphunzitsa kusankha mbewu yosunga, ndi momwe ankadziwira kuti mvula yayandikira. Afunseni za chaka chimene nkhokwe inatha msanga: ndani ankayamba kudya, ndani ankagona ndi njala. Funso limeneli lokha limaonetsa yemwe ankasenza banja. Ngati pali khasu lakale lotha mlomo, mphika, kapena chithunzi cha ukwati, apatseni achigwire. Chinthu chikakhala m'manja, mawu amabwera okha. Yang'ananinso manja awowo, mufunse za chipsera chilichonse.

Yambirani ku utsikana wawo. Anthu okalamba amakumbukira bwino kwambiri zomwe zinachitika ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 30, pomwe za zaka zaposachedwa zimalowana. Akangoyamba kuyenda bwino m'zaka zimenezo, zotsatira zimakokana zokha.

Akakhala chete, musathamangire kufunsa china. Werengani chamumtima mpaka 10. Nthawi zambiri mawu olemera amatuluka pambuyo pa kachetechete wotereyu. Inunso chepetsani "ee, ee" wanu, ingogwedezani mutu, chifukwa pomvetsera mudzapeza kuti mawu anu aphimba awo. Ngati makutu ayamba kuvuta, musakuwe. Ukalamba umayamba kuchotsa mawu opyapyala ngati a mwana, choncho lankhulani ndi mawu a besi, pang'onopang'ono, mutayang'anizana nawo pamalo owala kuti aziona milomo yanu.

Zaka musawaumirize. Mukafunsa kuti "chinali chaka chanji?" amachita manyazi kapena amangotchula chilichonse kuti akusangalatseni. Funsani kuti "pamenepo ndani anali atabadwa, ndani anali kubere?" Mndandanda wa ana ndiwo kalendala yawo. Pambuyo pake muyerekeze ndi zikalata za kubadwa, za ukwati kapena za sukulu, ndipo pomwe simunatsimikize lembani kuti "cha m'ma". Powerenga ana, funsani mofatsa kuti anabereka angati onse pamodzi, osati amene alipo okha. Ana amene anamwalira ali aang'ono nthawi zina sadziwika n'komwe kwa zidzukulu, koma mayi saiwala dzina ngakhale limodzi. Misozi ikabwera, imitsani kujambula, muwafunse ngati akufuna kupitiriza. Chimene anena kuti chisatuluke, chisatuluke.

Tsiku lomwelo sinthani dzina la fayilo, muyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenaka mutu wa nkhani. Sungani makope atatu: m'foni, pa kompyuta kapena flash, ndi lina kwa mbale wokhala nyumba ina. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa osachenjeza.

Kulemba kumadya nthawi: ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Lembani monga momwe ayankhulira, musawongole chilankhulo chawo kapena kuchotsa mawu akale amene simukuwamva. Alembeni pambali, mukafunse tanthauzo ulendo wotsatira. Zithunzi zakale zijambuleni ndi foni pamthunzi, osayatsa kuwala kwa kamera (flash), ndipo mayina a anthu alembedwe kuseri ndi pensulo yofewa, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera n'kuwononga nkhope.

Mukamaliza kulemba, kawawerengereni mokweza, foni ikujambulanso. Adzakukonzani mayina, adzasintha ndondomeko ya zochitika zina, ndipo kawirikawiri adzati "pamenepo mwasiya china", n'kuyamba nkhani imene simunaifunse.