Mmene Mungayezere Mfundo za Andale a ku America Pankhani ya Kuzunza Akaidi ndi Kuchotsa Mimba

Mukamamvera andale a ku America akukangana pankhani ziwirizi, musathamangire kufunsa chipani chawo. Yambani mwalemba chifukwa chimene munthuyo akupereka pankhani yoyamba, m'mawu ake enieni, kenaka muchitengere chifukwa chomwecho kunkhani yachiwiri kuti muone ngati achivomerebe.

Tinene kuti wandale akuti moyo wa munthu ndi wopatulika, ndipo palibe vuto, ngakhale likule chotani, limene lingaloleze kuchotsa mimba. Mufunseni za zimene bungwe la ukazitape la dzikolo la CIA linkachita zigawenga zitaukira dzikolo pa 11 September 2001, pamene mkaidi ankamangiriridwa pathabwa, kuphimbidwa nsalu kumaso, n'kumathiridwa madzi m'mphuno ndi m'kamwa mpaka kumva ngati akumira. Mkaidi wina, Khalid Sheikh Mohammed, amene amamuganizira kuti ndiye anakonza chiwembu cha tsikulo, anam'chita zimenezi maulendo 183. Wandaleyo akayankha kuti zinali zoyenera pofuna kupulumutsa anthu ambiri, dziwani kuti wasintha muyezo, chifukwa poyamba ankati pali zinthu zosayenera kuchitika zivute zitani, koma tsopano akuwerengera phindu.

Kawirikawiri amadzitchinjiriza ponena kuti mwana wosabadwa ndi wosalakwa pamene mkaidi ndi chigawenga. Yankho limeneli musalinyoze, koma mukumbutseni kuti ozunzidwawo anali asanaweruzidwe kukhoti, ndiponso kuti lipoti la mu December 2014 la komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba za malamulo za dzikolo, linapeza kuti mwa anthu 119 amene CIA inawasunga, osachepera 26 anagwidwa molakwika. Kwa ine, apa m'pamene mfundo yake imagwera, pakuti munthu sungamutche wolakwa usanamuzenge mlandu.

Mbali inayo muiyesenso mosakondera. Amene amagwira mawu a pangano la United Nations la mu 1984, loletsa kuzunza munthu ngakhale pankhondo, koma n'kumati kuchotsa mimba kumadalira mmene zinthu zilili, mufunseni mosapita m'mbali ngati mwana ali m'mimba amamuona kuti ndi munthu. Akati ayi, sanadzitsutse, ndipo mkangano wanu wasamukira pafunso lakuti umunthu umayamba liti. Akati inde, afotokoze chifukwa chake thupi la mkaidi lili ndi chitetezo chimene mwanayo alibe.

Ngati wandaleyo ndi Mkatolika, muonetseninso kuti Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, mu 1965, unatchula kuchotsa mimba ndi kuzunza anthu m'ndime imodzi monga zinthu zochititsa manyazi, ndipo mumufunse kuti ndi mbali iti ya ndimeyo imene akuikana.