Chovala cha mwana pafupi ndi mbaula

Juni ndi Julayi akafika, ana amaunjikana pa mbaula m'mawa ndi madzulo. Nthawi zambiri mwana sachita kugwera pamoto ayi. Amangotembenuka kuti aothe kumsana, mpendero wa diresi n'kukhudza khala, basi lawi lakwera. Choncho makolo anzanga, lero tikambe za nsalu.

Nkhaniyi maboma ena anaifufuza kale, ataona maliro. Ku America, m'zaka za m'ma 1940, ana ena anafa zovala zawo za nsalu ya rayon zitagwira moto, ndipo kenako kunabwera majuzi a ubweya wofewa a nsalu yomweyo amene ankayaka ngati udzu wouma. Mu 1953 boma linakhazikitsa lamulo loletsa nsalu zoyaka msanga, lotchedwa Flammable Fabrics Act. Poyesa nsalu motsatira lamuloli, akatswiri amadula kachidutswa ka nsaluyo, n'kukaika mopendekera pa madigiri 45, n'kukayatsa kwa sekondi imodzi. Nsalu yosalala ikapsa m'masekondi osakwana 3.5, siloledwa kusokedwa zovala. Zovala zogonera za ana anaziikira malamulo okhwima kwambiri m'zaka za m'ma 1970. Panali pophunthwa: mankhwala otchedwa Tris, amene ankathira m'zovalazo kuti zisagwire moto, anawaletsa mu 1977 chifukwa chowaganizira kuti amayambitsa khansa.

Kodi ife zikutikhudza bwanji? Zovala zambiri za m'mabelo a kaunjika zimachokera kumayiko ngati America ndi Britain. Ku Britain, malamulo a 1985 amati zovala zina zogonera zizikhala ndi kachikwangwani ka zilembo zofiira: KEEP AWAY FROM FIRE, kutanthauza kuti chisayandikire moto. Ife timaona mtengo ndi kukongola, kachikwangwaniko osakayang'ana n'komwe. Mukamasankha, tembenuzani chovalacho muone m'khosi kapena m'mbali mwa msoko.

Nsalu sizipsa mofanana. Ya thonje ndi ya rayon zimagwira moto msanga, makamaka zikakhala zopyapyala kapena za cheya. Poliyesitala ndi nayiloni zimachedwerapo kuyaka, koma zimasungunuka ngati jumbo n'kumatirira pakhungu, ndipo bala lake limalowa mkati. Ubweya weniweni wa nkhosa suyaka chisawawa. Koma chimene ine ndimalimbikira kwambiri ndi kasokedwe. Chovala chotaya chimalowetsa mpweya mbali zonse ziwiri za nsalu, moto n'kuthamanga. Chogwira thupi sichitero. Ndikudziwa kuti timagulira mwana chachikulu kuti akule nacho, ndalama n'zovuta. Komabe diresi lotaya lija lisakhale lovala pootha moto. Muvekeni buluku ndi juzi zomukwana. Nanunso amayi, nsonga ya chitenje muziipisira bwino musanawerame pa mafuwa, makamaka mukabereka mwana.

Ngozi ikachitika, mwana asathamange, chifukwa mphepo imakoleza moto. Mugwetseni pansi, mumugubuduze, kapena mumufunditse bulangete lochindikala. Kenako thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20. Nsalu yomwe yamatirira musaisende, ingodulani mozungulira. Dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena phulusa musapake. Zimangosunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo, ndipo achipatala amavutika kuzichotsa mwana akulira. Phimbani ndi nsalu yoyera bwino, muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati wapsa kumaso, m'manja kapena malo aakulu kuposa chikhatho chake.