Kanjira kozungulira kapinga: mmene mungapezere m'lifupi musanayale njerwa

Amalawi ambiri amene ali ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town amadyera ntchito ya m'galadeni, ndipo tsiku lina bwana amangofika ndi bakkie (galimoto ya pikapu) yodzaza njerwa zoyala pansi n'kunena kuti akufuna kanjira kozungulira kapinga yense. Njerwa wagula kale. Chimene sakuuzani n'choti kanjirako katambalale bwanji kuti njerwazo zikwane. Mukangoyamba kuyala mwachiyerekezo, zimakutherani pa kona yachitatu, ndipo wolakwa amakhala inu.

Apa m'pamene masamu a quadratic equation, okhala ndi x² (x kuchulukitsa ndi x), aja tinkawathawa ku sekondale amabwezera ngongole.

Tinene kuti kapinga ndi wa mamita 12 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo njerwa ndi zokwana masikweya mita 44. Jambulani kaye, ngakhale pa thumba la simenti. Kutambalala kwa kanjira mukutche x. Ambiri amagwa pano: kanjira kali mbali zonse ziwiri, choncho m'litali mukhala 12 + 2x, osati 12 + x, ndipo m'lifupi mukhala 8 + 2x. Kapinga yekha ndi 12 × 8 = 96. Pamodzi ndi njerwa ndi 96 + 44 = 140. Ndiye:

(12 + 2x)(8 + 2x) = 140

Mukachulukitsa zonse mupeza 96 + 40x + 4x² = 140. Chotsani 96 mbali zonse, gawani ndi 4, patsala x² + 10x = 11.

Ana asukulu angakuuzeni za formula yaitali ija yokhala ndi b² − 4ac. Imagwira ntchito, koma munthu uli ndi matope m'manja sungaikumbukire. Ine ndimakonda njira iyi: tengani nambala imene ili ndi x, apa ndi 10, igaweni pakati, 5, kenako 5 × 5 = 25. Onjezani 25 mbali zonse. Kumanzere kukhala (x + 5)², kumanja 36. Nambala yoti ikadzichulukitsa yokha ipereke 36 ndi 6 kapena −6, motero x ndi 1 kapena −11. Palibe kanjira kotambalala −11. Yankho ndi mita imodzi. Tsimikizani: 14 × 10 = 140.

Zoona zake, manambala a pa ntchito sabwera okongola chonchi. Njerwa zikakhala za masikweya mita 50, mufika pa x² + 10x = 12.5. Onjezani 25, mupeza 37.5. Pa kalikuleta ya pafoni dinani √37.5, ikupatsani 6.12, chotsani 5, patsala mamita 1.12. Koma musayale mpaka pamenepo. Njerwa zina zimasweka, zina mumadula m'makona, ndiye ine ndingayale mita imodzi n'kusunga zotsalazo.

Msampha weniweni uli pamene kanjira kakudyera mkati mwa kapinga, poti kunja kuli mpanda. Tsopano mukuchotsa. Bwana akuti kapinga atsale masikweya mita 60:

(12 − 2x)(8 − 2x) = 60

Izi zimafika pa x² − 10x = −9. Onjezani 25 monga kale: (x − 5)² = 16, ndiye x ndi 9 kapena 1. Onse awiri alibe chizindikiro chochotsera, ndiye mutaye uti? Bwererani pa chithunzi chija. Kapinga ndi wa mamita 8 okha m'lifupi. Simungadyemo mamita 9 uku ndi 9 uko. Wotsala ndi 1, ndipo 10 × 6 = 60.

Inu a ku Britain amene mwana wanu akukonzekera mayeso a sekondale a GCSE, ndi inu a ku Joni amene wanu ali Grade 11, funso lomweli limabwera pa mayeso, kungoti kapinga amasanduka chithunzi chokhala ndi felemu kapena dziwe losambiramo. Mwana akapeza mayankho awiri n'kuwalemba onse, amataya malikisi. Muuzeni alembe chiganizo chimodzi chonena chifukwa chimene wakanira linalo, ndipo asaiwale kuika m kumapeto kwa yankho la kutalika ndi m² pa la kukula kwa malo.

Chinthu chimodzi musanagwire tepi: funsani ngati njerwa anazigula powerenga masikweya mita kapena chiwerengero. Za masentimita 20 ndi 10 zimalowa 50 mu sikweya mita imodzi, choncho njerwa 2,200 ndiye masikweya mita 44 athu aja.