Kope la pakhola: malangizo kwa oweta nkhuku otanganidwa

Alimi anzanga oweta nkhuku za nyama ku Makeni, Chilanga, Chongwe ndi m'makomboni a mu Lusaka, ambiri mwa inu muli ndi zochita zina. Wina ali pantchito m'tauni, wina ali ndi kantemba, wina amalawirira mbandakucha ku Soweto Market. Khola limatsala m'manja mwa mphwanu kapena mnyamata waganyu, malangizo n'kumaperekedwa pafoni muli m'minibasi. Katemera amaphonyekera pomwepa.

Nkhukuzi zimagulitsidwa zikakwanitsa masabata 6, choncho tsiku limodzi lophonya si laling'ono. Tsiku lomwe anapiye afika, gulani kope la ana asukulu, mulimangirire ndi chingwe pakhomo la khola pamodzi ndi cholembera. Lembani masiku 1 mpaka 42, lililonse ndi deti yake. Kenako tengani ndondomeko yomwe akupatsani kogula anapiye, muyikiretu masiku a katemera wa matenda a Gumboro ndi a chitopa, komanso masiku osinthira chakudya kuchoka pa starter (cha anapiye) kupita pa grower (chokulitsira) ndi finisher (chomalizira). Muchite zimenezi tsiku lomwelo, mutu usanadzaze ndi zina.

Ntchito za pakhola sizilingana. Kusesa panja ndi kutsuka matumba kungadikire mawa. Katemera sadikira, ndipo ali ndi timagawo tambiri tomwe mlimi wothamanga amadumpha. Musangolemba kuti "katemera". Lembani chonchi: dzulo lake, kutunga madzi opanda klorini, chifukwa klorini wa m'madzi a pampopi amapha katemera, 06:00, kuchotsa zomweramo kuti nkhuku zimve ludzu, 07:30, kusakaniza ndi kumwetsa, pasanathe maola awiri madziwo akhale atamwedwa onse. Mnyamata akawerenga zotere sakuimbiraninso foni kufunsa.

Kumbukiraninso magetsi. Katemera amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo tonse tinaona mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba lopangira magetsi, momwe mafiriji ankakhalira tsiku lonse osalira. Ndi bwino kulemba tsiku logula katemera pafupi ndi tsiku lomwetsa, n'kumunyamula pa ayisi. Makala a mbaula yofunditsira anapiye nawonso alowe m'kope, asakuthereni pakati pa usiku wa mu June.

Madzulo aliwonse, musanakhale pa nsima, imani pakholapo ndi amene amakuthandizani. Chongani zomwe zachitika, lembani zomwe zafa ndi matumba a chakudya omwe atsala, ndipo zamawa muzilembe ndi dzina la wochita. Ntchito yopanda dzina aliyense amayesa kuti mnzake wachita. Ena amakonda kulemba mufoni. Ine sindiletsa, koma foni imapita nanu kutauni pomwe khola latsala. Jambulani tsambalo, kope likhale pamalo pake.

Masamba akumapeto asungireni ndalama: amene watenga nkhuku pangongole, zingati, alipira liti, ndiponso ngati walipira pamanja, pa Airtel Money kapena pa MTN. Mukapereka mankhwala, werengani papaketi masiku oyenera kudikira nkhuku isanadyedwe, muwerengere pakope, mulembe deti yake ndi zilembo zikuluzikulu. Deti imeneyo isanakwane, wogula abwerere, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja.