Chizimalupsa si mvula yobzalira chimanga

Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikuyendera minda kuno ku Mangochi monga mlangizi wa zaulimi, kuyambira kwa Chimwala m'mbali mwa nyanja ya Malombe mpaka kwa Nankumba, ndipo zomwe ndaona zandiwawa mtima. Chimanga cha masamba atatu chapotana ngati anyezi, nsonga zake zapsa. M'mizere ina simunatuluke kanthu n'komwe. Mukafukula phando mupeza njere inafufuma, n'kutulutsa kamuzu koyera, kenako n'kuuma gwa. Mvula yomwe anthu anabzalira inagwa madzulo amodzi okha kumapeto kwa Okutobala, yamabingu, yofika ndi chimphepo. M'mawa mwake mudzi wonse unali ku munda ndi makasu. Kuchokera tsiku limenelo kumwamba kwangoti mbee.

Mvula imeneyo makolo athu anaipatsa kale dzina. Ndi chizimalupsa. Ntchito yake ndi kuzimitsa moto wa m'tchire, kukhazika fumbi pansi ndi kutikumbutsa kuti timalize kugalauza. Dzinalo likunena lupsa, silikunena mbewu. Nanga bwanji chaka ndi chaka tikuithamangira ndi mbewu ya haibulidi yogula ndi ndalama ya mbuzi?

Njere ya chimanga ili ndi khalidwe limodzi lomwe ambiri salilabadira. Ikakhala youma imatha kudikira miyezi. Koma ikangomwa madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, imadzuka, ndipo ikadzuka sibwereranso kukagona. Iyenera kupeza chinyezi tsiku lililonse kufikira mizu itazama. Tsono mvula ya ola limodzi pa dothi lomwe lakhala likuwambidwa ndi dzuwa kuyambira Meyi imangonyowetsa pamwamba, mwina kuya kwa zala zitatu, pansi pake pali fumbi lokhalokha. Madzi okwanira kudzutsa njere alipo, oti aisunge palibe. Kuno kunsi kwa nyanja dothi lathu ndi lamchenga, ndipo mu Novembala kutentha kumafika madigiri 35 ngakhale kupitirira. Pakatha masiku atatu kachinyezi kaja kauluka. Anzathu a ku Namwera ndi kwa Katuli, kumtunda kozizirirapo komwe kuli katondo, nthawi zina amapulumuka. Wa ku Malembo kapena ku Mpondasi akatengera zomwezo amalira.

Tiwerengere limodzi zomwe zatayika, chifukwa ena akuganiza kuti ndi mbewu yokha. Pa ekala imodzi, pobzala njere imodzi pa phando monga timaphunzitsira, pamalowa makilogalamu 10 a mbewu. Amenewo apita. Ndalama yogulira ina palibe, ndiye munthu akalowa m'nkhokwe kapena kupita pa msika kukagula chimanga chakudya n'kubzala chomwecho. Haibulidi wobwereza sabereka ngati mayi wake, izi tinakambirana kale kambirimbiri. Choncho munda womwe unayenera kukhala wa haibulidi wa Kanyani wasanduka wa mbewu yosadziwika dzina, mwinanso yochedwa kucha.

Feteleza ndiye amandipweteka kwambiri. Ndapeza minda ingapo momwe anthu anathira kale wokulitsa, poti ulangizi umati athiridwe pobzala kapena mbewu ikangomera. Mu dothi louma feteleza sadyedwa. Akakhala pafupi ndi timizu tanthete amatiwotcha, ndipo mvula yeniyeni ikadzabwera ndi mphamvu adzasungunuka n'kutsikira pansi pa mchenga kapena kukokoloka, m'munda mulibe mbewu yoti imugwire. Thumba la makilogalamu 50 lomwe banja linagonera pa mzere kuti lilipeze lidzakulitsa udzu. Udzuwo ndiye wamera bwinobwino, umapirira kuposa chimanga, kotero mupalira musanabzalenso, n'kudzapaliranso pambuyo pake. Amene amalemba aganyu alipira kawiri.

Ena akuti tingopakiza. Kupakiza kumathandiza pamene mapando ochepa okha ndiwo alephera, ndipo kuchitike m'sabata yoyamba mbewu zitamera. Kupakiza patatha mwezi n'kudzinamiza. Chachikulu chimaphimba chaching'ono, chaching'onocho chimangokula ngati bango osabereka. Feteleza wobereketsa simudziwa kuti muthire liti poti m'munda umodzi muli mibadwo itatu. Ndipo ntchemberezandonda, zomwe zatisautsa chifikireni m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, zimakonda munda wotere, chifukwa nthawi zonse muli chimanga chanthete choti zilowe mu mtima mwake. Munda woyamba kubiriwira m'dera lonse ndi umenenso agulugufe ake amayamba kuikira mazira.

Kwa Nankumba ndinaima pa munda wa mkulu wina, munthu wolimbika yemwe mizere yake ya ngonyeka ndimaionetsa kwa ena ngati chitsanzo. Ndinamupeza atakhala pansi pa mlambe akuyang'ana chimanga chake chopserera.

"Bambo, munafulumiriranji chonchi?" ndinatero.

"Alangizi, inu mwabadwa dzulodzuloli. M'mera mpoyamba. Mlambe uwu unaphuka masamba, inswa zinatuluka, mphepo ya mpoto inawomba masiku awiri. Bambo anga ankabzala zikatero ndipo nkhokwe zinkadzaza. Komanso si inu nomwe munkalengeza pa wailesi kuti bzalani ndi mvula yoyamba?"

Pamenepo anandigwira pakamwa, sindikana. Uthenga umenewo tinaulalikira zaka zambiri, ndipo sunali wabodza: kuchedwa kubzala kumadula zokolola. Koma tinkanena mvula yoyamba yobzalira, mawu otsirizawo anthu anawataya m'njira. Tili mkati mokambirana, mayi a kunyumba kwawo anatulukira ndi ndowa pamutu, n'kuitula, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alangizi, musawadandaule kwambiri awa. Paketi imodzi ndinaibisa mu mtsuko, ndinawauza kuti yatha. Chaka cha ng'amba ya El Niño chija tinabzala katatu, ine sindinaiwale." Mkuluyo anangoti kukamwa yasa. Ndinaseka mpaka misozi, koma m'mudzi monsemo ndi banja lokhalo lomwe lili ndi mbewu yabwino yodikira mvula.

Zizindikiro za mkuluyo si zopusa ayi. Mlambe umaphukadi mvula ikayandikira. Vuto ndi loti mlambe umatsatira nyengo yake ya pa chaka, pomwe mvula yasiya kusunga pangano lomwe inali nalo ndi mlambewo. Dziko latentha. Utsi wa malasha, mafuta a galimoto ndi mafakitale, kuphatikizapo kutha kwa nkhalango, zachulukitsa mpweya wa kaboni mumlengalenga kuchoka pa magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanayambe kufika pa magawo opitirira 420 lero. Mpweya umenewu umagwira kutentha ngati bulangete. Kuno ku Malawi kutentha kunakwera ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006, ndipo chaka cha 2024 chinali chotentha kuposa zaka zonse zomwe zinalembedwapo pa dziko lonse. Digiri imodzi imaoneka yochepa, koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi magawo 7 pa 100 alionse. Umayamwa madzi m'dothi mwanu msanga, n'kukawakhuthula pamodzi tsiku limodzi. N'chifukwa chake mvula ya masiku ano imabwera mwaukali, n'kusowa sabata ziwiri kapena zitatu. Mukaphatikiza ya chaka chonse mwina siichepa kwenikweni, koma chimanga sichimwa ya chaka chonse, chimamwa ya sabata ino.

Mvula yokhazikika kuno imabwera pamene mphepo zochokera mbali zosiyana zakumana pamwamba pa dziko lathu, komanso pamene mphepo yachinyezi yochokera ku Congo yalowa. Kumwera kuno zimenezi kawirikawiri zimachitika kuyambira pakati pa Novembala kulowa mu Disembala. Ya mu Okutobala ndi yongobadwa ndi kutentha kwa tsikulo, mtambo umodzi wokwera kuchokera pa nyanja, n'chifukwa chake imagwa kwa Mponda koma kwa Chowe kuli gwa. Pamwamba pa izi pali El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumabweretsa ng'amba kumwera kwa Africa. Tinamuona mu 2015 ndi 2016. Tinamuonanso mu 2023 ndi 2024, pamene pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, anali namondwe wa Freddy yemwe anapha anthu oposa 1,000. Ndiyeno mu 2024 momwemo, minda ikupserera, nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe kuno ku Mangochi. Munthu amene waona zonsezi ndi maso ake n'kumanenabe kuti "bambo anga ankatero" amandithetsa mawu.

Ndikudziwa kuti si kuuma mutu kokha. Ena afulumira chifukwa ufa unatha mu Seputembala ndipo akufuna mondokwa pofika Januwale. Ena akufuna amalize kwawo kuti akagwire ganyu kwa anzawo. Asodzi nawo, nyanja ikatsekedwa pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, amafuna athane ndi za ku munda nthawi yomweyo. Ndipo pali kaduka ka m'mudzi: mnzako akatuluka ndi khasu, iwe kukhala pakhonde umaoneka waulesi. Zonsezi ndimazimva. Koma njala siichepa pokwirira mbewu m'fumbi lotentha.

Anthu amandifunsa kuti nanga boma ndi maiko olemera akuchitapo chiyani, poti utsiwo si wathu. Zoona, gawo la Malawi pa utsi wa dziko lonse ndi lochepetsetsa. Kuli pangano la ku Paris la 2015 lofuna kuti kutentha kusapitirire madigiri 1.5, kuli thumba lolipira zowonongeka lomwe maiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, mu 2022, ndipo dziko lathu lili ndi ndondomeko yake ya za kusintha kwa nyengo ya 2016. Zimenezo zili ndi eni ake ozitsata. Chomwe chimafika pa munda wanu ndi ulosi wa nyengo womwe nthambi ya zanyengo imatulutsa mvula isanayambe, n'kuugawa boma ndi boma, komanso ulosi wa masiku ochepa womwe umamveka pa wailesi. Pa misonkhano ndikafunsa amene anaumvera, manja amakwera awiri kapena atatu. Koma zigoli za mpira wa Loweruka aliyense amazidziwa.

Malo andithera, ndiye mwachidule. Amene simunabzale, dikirani mvula yokwana mamilimita 25 kapena kuposa m'masiku atatu otsatizana, ndipo mumvere ulosi ngati sukunena za ng'amba yaitali kutsogoloku. Mulibe choyezera? Ikani chitini chowongoka m'mbali pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. Madzi akafika masentimita awiri ndi theka ndi yomweyo. Kenako kumbani pa mzere. Chinyezi chifike kuya kwa chikhatho chonse, ndipo dothi la pansipo mukalifumbata ligwirane. Likamwazika, bwererani kunyumba. Zikakwana musazengerezenso, bzalani m'masiku awiri kapena atatu, ndipo musathe mbewu yonse tsiku limodzi.

Amene munabzala kale, werengani mapando pa mizere ingapo. Ngati oposa theka afa, fafanizani n'kuyambiranso ndi mbewu yocha msanga monga Kanyani kapena Kalulu, Njovu, yochedwa kucha, isiyeni chaka chino kunsi kuno. Ngati chambiri chili moyo, palirani, tsekani ngonyeka, phimbirani ndi mapesi ngati simunawatenthe posaka mbewa, ndipo feteleza adikire chinyezi. Mbewu ikasowa, mbali ina ya munda ikani mapira a Pilira, khobwe, nandolo, chinangwa kapena mbatata m'malo mobzala chimanga cha pa msika. Za manyowa ndi mayenje mukuzidziwa kale. Lachinayi m'mawa ndidzakhala pa munda wachitsanzo ndi alimi otsogola, aliyense abwere ndi khasu ndi chitini chake.