Atsikana othamanga, samalani ndi mabotolo a zitsamba aja

Asisi anga amene mumathamanga m'mamawa kapena kusewera bola kuno ku Chipata, mabotolo opanda lebulo amagulitsa mumsika ati opatsa mphamvu aja chonde musamangomwa, simudziwa zomwe asakanizamo ndipo pa mpikisano akakuyezani n'kupeza mankhwala oletsedwa ndi WADA (bungwe la dziko lonse loletsa mankhwala owonjezera mphamvu m'masewera) mlandu ndi wanu, osati wa wogulitsa. Ngati kachitunda kakang'ono komwe mwayamba kale wefuwefu, chizungulire, m'zikope mwayera, nthawi zambiri ndi ayironi wachepa chifukwa cha kumwezi, kayezetseni magazi kukiliniki. Idyani kapenta, chiwindi, nyemba, bondwe, chammwamba muziphika ngati ndiwo basi. Koma tiyi musamwere pa nsima, amatchinga ayironi kulowa m'thupi, dikirani lipite ola limodzi, mukangodya bola lalanje kapena gwafa.