Dayiki si munda, chotsanipo makasu

Sabata yatha ndinayenda m'mbali mwa mtsinje wina kuno ku Chikwawa, ndipo ndinabwerako mtima uli m'mwamba. Pa dayiki yomwe boma linamanga kuti madzi asamalowe m'midzi, anthu apanga mizere, adzalapo chimanga ndi mbatata. Vetiva yemwe ankagwira dothi anamuzula kalekale, wotsala ng'ombe zadya mpaka patsinde. Pena pali njira ya ngolo, dayiki yalowa pansi.

Mphamvu ya dayiki ndi dothi lotsendereka. Khasu likangolowa, dothilo limafewa, mvula imakumba timigula, ndipo pomwe pali mbatata mbewa sizichedwa kuboola mauna. Mtsinje ukadzaza, madzi amalowa pa una umodzi, nkumaukuza, usiku umodzi wokha dayiki yagumuka. Madzi odutsa pogumuka amabwera ndi ukali woposa pamene kunalibe dayiki, chifukwa onse amathamangira malo amodzi. Amasiya mchenga wofika m'mawondo, ndipo munda wotere sulimika zaka zingapo. Feteleza wogula movutikira uja, mbewu, mbuzi, nkhokwe, zonse zimapita chifukwa cha mizere khumi ya munthu mmodzi.

Kodi tayiwala kale? Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, dziko lonse nkukhala mumdima. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozizi ya DoDMA imagwira ntchito ndi makomiti mpaka m'midzi. Koma mapulani a ku Lilongwe sangalondere dayiki ya kwanu masana ndi usiku.

Bambo wina nditamufunsa anandiseka. "Alangizi, pamwambapa ndiye pabwino, madzi safikapo. Chaka chatha ndinakumbapo matumba atatu a mbatata." Ndinamulozera nyumba yake, yomwe ili kumunsi kwa dayiki yomweyo, mtunda woponya mwala. Anangokanda m'mutu, nkupitiriza kupalira. Zoti "makolo athu ankalima chonchi" ndatopa nazo. Nthawi ya makolowo bango ndi nsungwi zinali thithithi m'magombe.

Chochita mukuchidziwa. Zulani zomwe mwadzalazo, fafanizani mizere, kwirirani mauna ndi kutsendera. Dzalaninso vetiva mvula ikadalipo, ng'ombe ndi ngolo zizidutsa malo amodzi omwe mwagwirizana. Mukaona mng'alu uzani komiti ya m'mudzi ndi amfumu tsiku lomwelo.